Nyenyezi, nkhwangwa ndi mizinga: ulendo wotsata baji ya asilikali onyamula katundu

Lamulungu, Sledmere

Ukachoka ku York n'kudutsa Stamford Bridge, msewu wa A166 umakwera chitunda cha Garrowby, ndipo ukafika pamwamba dziko limasintha. Mitengo imachepa, kumangooneka minda yokhayokha ya tirigu ndi balere. Kuno ndi ku Yorkshire Wolds. Pa Fridaythorpe ndakhotera kumanzere, ndipo posakhalitsa ndalowa m'kamudzi ka nyumba za njerwa zofiira kotchedwa Sledmere, komwe pafupifupi chilichonse, kuyambira nyumba yaikulu mpaka chitsime cha pamsewu, chili ndi dzina la banja la a Sykes.

Chandichotsa ku Leeds ndi kachitsulo kakang'ono. Mwana wa achemwali anga ndi msilikali m'gulu lankhondo la Britain, ku nthambi ya Royal Logistic Corps, yomwe eni ake amangoti RLC. Amayendetsa malole. Nanenso ntchito yanga ndi ya lole, kunyamula zakudya kupititsa m'masitolo. Kusiyana kwathu n'koti iye amayenda ndi baji pabereti, ndipo nditamufunsa tanthauzo la zonse zimene anazipanikiza pabajiyo, anayankha theka, theka linalo n'kuseka. Tchuthi changa ndachipereka ku funso limenelo.

Ndayambira kuno chifukwa baji ya onyamula katundu imene ndimaikonda kuposa zonse inachokera m'mudzi uno. Sir Mark Sykes, yemwe uja wa pangano la Sykes-Picot la 1916 logawana maiko a Aluya pakati pa Britain ndi France, asanafike pogawa maiko anali ndi diso pa anyamata a m'mafamu. Anaona kuti kuno ngolo zikuluzikulu ankaziyendetsa atakwera pamsana pa mmodzi wa akavalo okoka, osati atakhala pangolo, ndendende mmene asilikali ankayendetsera zawo. Ankakonza mipikisano ya ngolo ku Fimber, komwe ndadutsa m'mawa uno, kenako ananyengerera akuluakulu a nkhondo kuti anyamatawa alembedwe ngati gulu lodikirira, Wagoners' Special Reserve. Panalibe pelete, panalibe yunifolomu. Munthu ankasaina, n'kumalandira paundi imodzi pachaka ndi kabaji ka siliva kokoleka pajekete, kokhala ndi mutu wa kavalo. Basi.

Kabajiko ndakaona m'kanyumba ka zinthu zakale za gululi, pabwalo la Sledmere House. N'kochepa zedi, koma safunika munthu wokamasulira. Ukaona mutu wa kavalo wadziwa kale ntchito ya mwini wake.

Paundi ija inadzawadula mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba. Makalata oitana anawapeza ali mkati mokolola, anthu oposa 1,000, ndipo pasanathe milungu ingapo ambiri anali ku France akuyendetsa ngolo za Army Service Corps, ena ngolo zonyamula zida zomangira milatho. Mfuti anali asanaiphunzire.

Chipilala chawo chili m'mphepete mwa msewu, mwala woyera wobulungira wotalika mamita 6, nsanamira zinayi zitauzungulira. Anachikonza ndi Sykes mwini wake, koma sanachione chitatha. Anamwalira ndi fuluwenza ku Paris mu 1919, ndipo chipilala chinatsegulidwa mu 1920. Zosema zake zimayenda mozungulira: mnyamata akusaina, akutsanzikana ndi a kwawo, sitima ikuwoloka nyanja, kenako asilikali a Germany a nkhope zoopsa akuwotcha tchalitchi ndi kukoka mzimayi tsitsi. Si zosema zaluso kwenikweni, ndipo chidani cha nthawi imeneyo sanachibise. Koma ndazungulira pang'onopang'ono mpaka khosi kuwawa, chifukwa ndi kawirikawiri kuona chipilala cha nkhondo chimene ngwazi yake ndi dalaivala.

Pobwerera ndadzera cha ku Beverley kuti ndione chikwangwani cha Leconfield, komwe kuli sukulu yophunzitsa asilikali kuyendetsa magalimoto. Mnyamata wathu uja laisensi ya lole anaitengera kumeneko. Dera lomwelo la oyendetsa ngolo.

Lolemba, panjira

M1, kenako A34 kutsika mpaka Winchester. Mvula kuyambira Nottingham. Zachilendo kukhala m'kagalimoto kakang'ono malole akundipyola ndi kundithira madzi pagalasi. Ndimangodzipeza ndikuwaphethirira magetsi kuti alowe. Ndagona panyumba ya alendo kunja kwa tauni. Mtengo wake tisaukambe.

Lachiwiri, Worthy Down

Worthy Down ili chakumpoto kwa Winchester, pamalo pomwe kale panali bwalo la ndege. Lero ndi likulu la RLC, ndipo myuziyamu yawo inasamukira kuno kuchokera ku Deepcut n'kutsegulidwa mu 2021. Kulowa ndi ulere. Mnyamata wathu anapempha tsiku, ndiye ndamupeza akundidikira pakhomo atavala wamba, bereti ili m'thumba la jekete.

"Amalume, mwabweradi? Anthu amapita ku nyanja patchuthi, inu ku myuziyamu ya asilikali ophika ndi oyendetsa malole?"

Ndamuuza atulutse bereti tiyambe ntchito.

Baji ya RLC inabadwa pa 5 Epulo 1993, tsiku limene nthambi zisanu zinaphatikizidwa kukhala imodzi pomwe boma linkachepetsa asilikali, Soviet Union itagwa. Panali a magalimoto, Royal Corps of Transport (RCT). Panali osunga zida ndi zipolopolo, Royal Army Ordnance Corps. Panali a piki ndi fosholo, Royal Pioneer Corps, ophika a Army Catering Corps, ndi a mtokoma, omwe mpaka nthawiyo anali pansi pa Royal Engineers. Aliyense anabwera ndi baji yake, akufa ake ndi ulemu wake, ndipo palibe anafuna kumezedwa. Chimene chinatuluka chili ngati ng'ombe ya paukwati mbali zonse ziwiri zikaimirira pogawa: wina mwendo, wina nganga, wina chiwindi, kuti pasapezeke wopita kwawo akudandaula.

Ukaiika pachikhatho umayamba ndi nyenyezi ya nsonga zisanu ndi zitatu yomwe imanyamula zonse, nsonga ya pamwamba italowedwa m'malo ndi chisoti chachifumu. Imeneyo ndi ya a magalimoto. Pamwamba pa nyenyeziyo pagona nkhata ya masamba ndi lamba wozungulira, gawo la a mtokoma kuchokera ku baji ya mainjiniya. Lambayo ndi wa Order of the Garter, ulemu umene Mfumu Edward III anayambitsa cha m'ma 1348, ndipo mawu ake a Chifalansa chakale, Honi soit qui mal y pense, amatemberera manyazi kwa woganizira zoipa. Kuseri kwa lamba kwapingasa nkhwangwa ziwiri. Pakatikati pali kachishango. Pansi pali kansalu kolembedwa We Sustain, kutanthauza kuti ndife tichirikiza enawo, mawu amene anali a ophika.

Ophika ndiwo anataya zambiri. Baji yawo, yomwe ili m'kabati momwemo, inali mbaula yoyaka moto, chithunzi chomveka bwino kwambiri mwa zonse zisanu. Mbaula inatsala, iwo n'kulowa ndi mawu okha. Komabe mawuwo ndi amene nthambi yonse imayendera lero, ndiye mwina sanaluze.

A Pioneer nawo ali ndi nkhani. Baji yawo yakale inali mfuti, piki ndi fosholo zitasanjikizana. M'zaka za m'ma 1980 anaisintha n'kuika nkhwangwa ziwiri ndi lupanga. Ineyo ndikuona kuti fosholo inkawachititsa manyazi. Koma fosholo ndi imene inkanena zoona: anthuwa ankakumba, kutsitsa katundu m'sitima, kukonza misewu, kukwirira akufa. Gulu lawo lomaliza la asilikali okhazikika, 23 Pioneer Regiment, linathetsedwa mu 2014. Nkhwangwa zinatsala pabaji, ntchito ya dzinalo kulibenso.

Kachishango ka pakati n'kakalekale. Ndi ka Board of Ordnance, ofesi imene inkasunga mizinga ndi onga wa mfumu: mizinga itatu yagolide yosanjikizana pabuluu, pamwamba mzere woyera wokhala ndi mipira itatu ya mzinga. Bambo wina wachikulire wothandiza pamyuziyamupo, yemwe anagwira ntchito ya zida, watiuza tiyang'anitsitse. Mipirayo ndi yaikulu moti singalowe m'mizingayo. Asilikali a nthambi zina akhala akuwaseka nazo kwa zaka zambiri, eti umboni woti a sitolo amatumiza zipolopolo zolakwika kuyambira kalekale. Bamboyo waseka yekha asanamalize n'komwe kufotokoza.

Tsopano funso langa lenileni. Nthambi yodzaza ndi madalaivala, bwanji pabaji palibe gudumu ngakhale limodzi? Anzawo a ku America, Transportation Corps imene inakhazikitsidwa mu 1942, sanazungulire: chiwongolero cha sitima ya pamadzi, mkati mwake chishango chonga chikwangwani cha msewu waukulu, ndi gudumu la mapiko lili panjanji. Nyanja, msewu, njanji, mlengalenga. Mwana wa sitandade 3 akhoza kuimasulira. A ku Britain anasankha nyenyezi, yofanana ndi zimene akuluakulu olemekezeka amakoleka pachifuwa.

Yankho ndaliona poyenda m'zipinda za mbiri, ngakhale palibe khoma limene lalilemba choncho. Onyamula katundu a ku Britain akhala anthu oitanidwa pamavuto n'kuthamangitsidwa mtendere ukabwera. Royal Waggoners anayambika mu 1794, osakhalitsa. Royal Waggon Train inatumikira mkulu wa asilikali Wellington ku Spain ndi ku Waterloo, komwe pa 18 Juni 1815 msilikali wamba Joseph Brewer analowetsa ngolo ya zipolopolo pafamu ya Hougoumont moto uli mbali zonse, oteteza malowo zitatsala pang'ono kuwathera. Mu 1833 boma linaona kuti ngolo zikudya ndalama, n'kuthetsa gulu lonse. Patatha zaka 21 kunabwera nkhondo ya ku Crimea. Chakudya ndi zofunda zinaunjikana padoko la Balaclava, asilikali akufa ndi njala ndi chisanu pamtunda wa makilomita ochepa chabe, chifukwa chosowa wonyamula ndi msewu wodutsika. Mwamsangamsanga mu 1855 anapanga Land Transport Corps, yomwe inasanduka Military Train. Mayina anapitiriza kusinthasintha mpaka 1888 pomwe Army Service Corps inakhazikika. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse inakula kupitirira anthu 300,000, ndipo ndi mu 1918 mokha pomwe anaipatsa mawu oti Royal kutsogolo kwa dzina.

Anthu amene akhala akuuzidwa kwa zaka zana kuti si asilikali enieni sangaike gudumu pachipumi. Amafuna chinthu chonena kuti nafenso ndife a mfumu. Awa ndi maganizo anga, ndipo mnyamata wathu sanatsutse. Wangoti mpaka lero a mfuti amawatcha mayina, koma madzi akachedwa kufika amayamba kuitana mwaulemu.

Zizindikiro zonena zoona za ntchito zinkapakidwa pamagalimoto. Pa nkhondo yachiwiri lole iliyonse ya Royal Army Service Corps (RASC) inkakhala ndi kabokosi kogawidwa mopingasa, kofiira ndi kobiriwira, nambala yoyera ili pamwamba, kuti wapolisi wa asilikali pamphambano adziwe ndi ya ndani ndipo ilowere kuti. Palibe Chilatini, palibe chisoti. Chizindikiro cha munthu amene ali ndi masekondi awiri kuti awerenge.

Anthu ambiri amaunjikana pa Rolls-Royce yakuda ya General Montgomery, imene inatsitsidwa ku Normandy, ku France, patangopita masiku ochepa asilikali chiyambire kuwoloka nyanja mu Juni 1944. Ndi yokongola, sindikana. Ine ndakhalitsa pa nkhani ya Richard Masters, dalaivala wa ambulansi yemwe pa 9 Epulo 1918 pafupi ndi Béthune anadzipereka kuyesa msewu umene onse ankati watsekeka ndi mabomba. Anachotsa zogumuka ndi manja, n'kuyenda ulendo pambuyo pa ulendo masana onse kutulutsa ovulala. Anapatsidwa Victoria Cross, mendulo yapamwamba kwambiri ya kulimba mtima pankhondo. Aliyense amene anayendetsapo galimoto yolemera pamsewu wokumbika akudziwa kuti kupita koyamba n'kosavuta kuposa kubwereranso kachiwiri utaona kale zimene zili kumeneko.

Chimene chamuimitsa mnyamata wathu ndi kansalu kabuluu kokhala ndi ndege yagolide ya Dakota. Amavala pamkono asilikali oponya katundu kuchokera m'ndege, omwe lero ndi 47 Air Despatch Squadron ku Brize Norton. Kanachokera ku Arnhem, ku Netherlands, mu Seputembala 1944, komwe anthu a RASC ankaimirira pakhomo lotsegula la ndege yotsika pansi, akukankha mabasiketi a zipolopolo ndi chakudya kwa anzawo ozingidwa, mfuti za pansi zikuwalasa. Oposa 70 anafa, ndipo chomvetsa chisoni, katundu wambiri anagwera m'manja mwa adani. Pa 19 Seputembala woyendetsa ndege David Lord, phiko likuyaka, anazunguliranso kachiwiri kuti katundu wotsala aponyedwe. Oponya anayi amene anali m'ndegemo anafera limodzi naye.

"Kameneka ndiye ndikukafuna, amalume," watero. Ndangoti tikambirana.

Tisanatuluke wandionetsa kanthu kena. Chisoti cha pabaji yake n'chobonyoka pakati, cha St Edward, cha nthawi ya Mfumukazi Elizabeth. Mfumu Charles anasankha chisoti cha Tudor, chobulungira pamwamba, ndipo mabaji atsopano akutuluka ndi chimenecho. Akuti mukaima pamzere mumadziwa wakale ndi watsopano poyang'ana chisoti chokha, ndipo akale sakufuna kusintha.

Lachitatu, Aldershot

A31 kudzera Alton ndi Farnham. Ndimafuna kuona Buller Barracks, kwawo kwa a RASC ndi RCT kwa zaka zambiri, yotchedwa dzina la Sir Redvers Buller amene anakhazikitsa Army Service Corps mu 1888. Kulibe. Anagwetsa, pamalopo pakumangidwa nyumba za anthu wamba.

Aldershot ya lero ndi tauni ya anthu a ku Nepal. Chiyambire 2009, pomwe ma Gurkha, asilikali a ku Nepal otumikira Britain, opuma pantchito analoledwa kukhazikika m'dziko muno, mabanja ambiri anasamukira kuno, ndipo pamabenchi a m'tauni pamakhala agogo ovala tizipewa ta kwawo akuwothera kadzuwa. Ku Princes Gardens kuli chiboliboli cha Kulbir Thapa atanyamula msilikali wovulala wa ku Britain paphewa. Nkhomaliro ndadya momo, tizitumbuwa ta nyama tophikidwa ndi nthunzi, ndi tsabola wosaseka naye.

Kuno n'kwawo kwa 10 Queen's Own Gurkha Logistic Regiment, yomwe inayambira ku Malaya mu 1958 ngati gulu la madalaivala achi Gurkha. Ali m'banja la RLC, koma baji ndi yawoyawo: nyenyezi ija ya nsonga zisanu ndi zitatu, ndipo pamwamba pake mipeni iwiri yopindika ya kukri itapingasa. Ndaiona pawindo la sitolo yosoka mayunifolomu. Nyenyezi ikunena ntchito, mipeni ikunena kwawo. Amalawi, Aghana, Afiji ndi ena a Commonwealth amene ali mu RLC alibe zotere. Amalowa mmodzimmodzi n'kuvala baji ya onse. Ma Gurkha analowa ngati mtundu, pa mgwirizano wa maboma, n'chifukwa chake mpeni wawo unapeza malo.

Galimoto ndaisiya kwa mnzanga kuno. London ndi ya sitima.

Lachinayi, London

Kuchoka pa Waterloo ndayenda wapansi m'mbali mwa Thames, kuwoloka pa Millennium Bridge, ndipo musanafike pa St Paul's, pa Queen Victoria Street, pali nyumba ya njerwa yokhala ndi geti lakuda ndi golide. Ndi College of Arms. Anaikhazikitsa ndi Richard III mu 1484, ndipo nyumba ilipoyi inamangidwa itapsa yakale pa moto waukulu wa 1666. Muli akuluakulu 13 a zizindikiro, ena a maudindo omveka ngati nthano, Rouge Dragon, Bluemantle, Portcullis. Wamkulu wawo, Garter King of Arms, malipiro ake ochokera kwa mfumu ndi £49.07 pachaka. Amadyera ndalama zimene anthu ndi mabungwe amalipira akafuna chizindikiro.

Kuyambira 1806 mmodzi wa iwo amakhala ndi udindo woyang'anira mbendera za magulu a asilikali, ndipo mabaji atsopano amadzera m'manja mwake asanakafike kwa mfumu. Ndiye kuti nkhwangwa zija, mizinga ija, zinakambidwa m'nyumba ngati ino ndi anthu a masuti.

Mlendo amaloledwa kuona chipinda chimodzi, bwalo la milandu la Earl Marshal, la matabwa akuda ndi mpando waukulu kuseri kwa kampanda. Khoti la milandu ya zizindikiro linakhala komaliza mu 1954, pomwe khonsolo ya Manchester inasumira nyumba ya zisudzo chifukwa chogwiritsa ntchito chizindikiro cha mzindawo popanda chilolezo. Khonsolo inapambana.

Lamulo limodzi la ntchitoyi landitsegula maso. Golide ndi siliva, kapena tinene chikasu ndi choyera, amazitenga ngati zitsulo. Zofiira, zabuluu, zakuda, zobiriwira ndi mitundu. Chitsulo sichigona pa chitsulo, mtundu sugona pa mtundu, kuti chizindikiro chioneke patali. Mizinga yagolide pabuluu, mipira yakuda pa choyera, Dakota yagolide pabuluu: zonse zikumvera. Ndatulutsa pasipoti panja pa geti kuyang'ana chizindikiro cha dziko lathu, chimene chinaperekedwa pa 30 Juni 1964, sabata imodzi ufulu usanafike. Pachikuto n'chagolide chokhachokha, koma mitundu yake tonse timaidziwa: mafunde oyera ndi abuluu a nyanja, mkango wagolide pa chofiira, dzuwa lagolide pa chakuda. Lamulo lomwelo. Nkhwazi pamwamba, mkango ndi kambuku atagwira chishango, phiri la Mulanje pansi pa mapazi awo. Nyama ndi zathu, phiri ndi lathu, kalembedwe n'ka mumsewu uno.

Lachisanu, Hyde Park

Pa Park Lane, pakati pa misewu iwiri ya mabasi, pali chipilala cha nyama zimene zinafa pankhondo. Anachitsegula mu 2004 ndi Princess Anne, yemwenso ndi mkulu waulemu wa RLC. Ndi khoma lokhota la mwala woyera lokhala ndi mpata pakati, ndipo nyulu ziwiri za mkuwa zikukwera kulunjika pampatapo zitasenza katundu. Wosema anaidziwa ntchito yake. Mitu yagwa, miyendo yakumbuyo ikukankha, zingwe zamangidwa mmene womanga katundu weniweni angamangire, mabokosi atalingana kulemera mbali zonse. Pakhomapo palembedwa kuti nyamazi sizinachite kusankha.

Ndaima pamenepo maganizo ali ku Karonga. Kum'mawa kwa Africa, pa nkhondo imene agogo athu ankaitcha ya Chiwaya, nyulu ndi akavalo sizinkakhalitsa chifukwa cha kashembe, ndipo misewu ya malole inali yochepa. Katundu wa asilikali a General Northey, amene analowa m'dziko la Tanganyika kuchokera kumpoto kwa nyanja yathu mu 1916, ankayenda pamitu ya anthu. Nyasaland yokha inapereka amtengatenga pafupifupi 200,000, pomwe asilikali a mfuti anali pafupifupi 19,000. Ambiri sanapite mwa kufuna kwawo. Mafumu ankapatsidwa chiwerengero choti akwanitse, ndipo amuna ankathawira kumapiri akamva kuti olemba afika. Munthu ankasenza makilogalamu oposa 20 pankhata, kuyenda mitunda, mvula, kamwazi, chakudya chopereweza. Vuto la masamu ake linali lankhanza: wonyamula ufa nayenso amadya, ndiye ulendo ukatalika pamafunika anthu ena onyamulira onyamulawo, ndipo chakudya chikachepa woyamba kumanidwa ankadziwika. John Chilembwe anali atalemba kale kalata yodandaula za magazi a anthu akuda pa nkhondo ya eni, kumapeto kwa 1914.

Anthu amenewa anagwira ntchito yomweyo ya anyamata a ku Sledmere, m'zaka zomwezo, pansi pa mfumu yomweyo. Pabaji ya RLC palibe chidutswa chawo. Ndipo sindinganene kuti a ku Queen Victoria Street analakwitsa, chifukwa baji imalemba mzere wa maofesi: gulu ili linabala ili, ili linakwatirana ndi ilo. Amtengatenga sanali gulu lokhala ndi likulu, akuluakulu opuma ndi bungwe loti likawalankhulire pogawana mu 1993. Nkhondo itatha anauzidwa kuti azipita kwawo. Ophika anapeza mawu, a fosholo anapeza nkhwangwa, chifukwa anali ndi owaimirira patebulo.

Ndatsika wapansi mpaka Hyde Park Corner, ku Memorial Gates pa Constitution Hill, nsanamira zinayi zimene Mfumukazi inatsegula mu 2002 pokumbukira anthu mamiliyoni asanu a maiko olamulidwa ndi Britain amene anatumikira pa nkhondo ziwiri zija. India ili ndi dzina lake, Pakistan lake, Bangladesh, Sri Lanka, Nepal. Ife tonse, kuyambira Lagos mpaka Zomba, tinalowa m'liwu limodzi: Africa. Mu 2021 bungwe losamalira manda a asilikali a Commonwealth linavomera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri a iwo a ku Africa, sanakumbukiridwe ndi mayina mmene azungu anakumbukiridwira, ndipo nduna ya zachitetezo Ben Wallace inapepesa m'nyumba ya malamulo. Zina zayamba kusuntha. Mu Januwale 2025 ku Cape Town anatsegula chikumbutso cha mitengo yoimikidwa, uliwonse ndi dzina, cha anthu akuda oposa 1,700 a ku South Africa amene anafa akugwira ntchito zonyamula ndi zina zotere. Ku Mbala, ku Zambia, komwe mkulu wa asilikali a Germany von Lettow-Vorbeck anakagonjera pa 25 Novembala 1918, chipilala cha amtengatenga chakhalapo kuyambira kale. Kwathu nsanja ya ku Zomba ndi ya King's African Rifles, ya a mfuti.

Madzulo ano ndili pa Waterloo kudikira sitima ya ku Aldershot, foni yalira. Achemwali, kuchokera ku Ntcheu. Mnyamata uja wawauza kale za kansalu ka Dakota, ndipo wawafotokozera bwinobwino kuti ntchito yake ndi kuima pakhomo lotsegula la ndege ili m'mwamba.

"Achimwene, ndinu munamutengera ku zinthu zimenezo. Lole inamulakwira chiyani? Mumuuze akhale pansi, inu amakumverani."

Ndayesa kufotokoza kuti amakhala atamangidwa lamba, kuti maphunziro ake ndi ovuta ndipo si onse amene amatengedwa. Sanafune kumva. Akuti Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi tiimbirane tonse atatu pa WhatsApp, ndipo ndikhale nditasankha mbali.